Kabuku ka Alois

Mwezi uliwonse ine ndi Yakobus, woyendetsa boti la chipatala chathu, tinkakwera mtsinje wa Sepik kukabaya ana katemera m'midzi. Korona itabwera, maulendo analetsedwa. Ndege ya mankhwala inasiya kutera, ndipo mufiriji yathu munatsala madzi akumwa okha.

Lachitatu lina kunafika Hedwig, mayi wa kumtunda. Anali atapalasa yekha bwato maola asanu, khanda lake Alois lili m'thumba loluka kumsana. Ndinalankhula naye pawindo, nditaphimba kukamwa.

"Sisita, wakwana miyezi isanu ndi inayi. Munati wa chikuku ndisaphonye."

"Katemera kulibe, achemwali. Bwererani, tikupezani konko."

"Liti?"

"Posachedwapa."

Anaseka. "Posachedwapa wa anthu a boma uja? Mudzam'peza atamera ndevu uyu."

Nanenso ndinaseka.

Tinapita kumudzi kwa Hedwig patatha miyezi isanu ndi umodzi. Kale ana ankathamangira kudooko akangomva injini. Tsikulo anatilandira agalu. Mphunzitsi wa pamudzipo anatiuza kuti chikuku chinadutsa mu Julaye, chinatenga ana asanu ndi awiri.

Ndinaika tebulo pakhonde la tchalitchi. Amayi anafola osacheza. Hedwig anali wachinayi pamzere. Anatsegula kabuku ka sikelo patsamba la katemera, n'kukakankhira kwa ine. M'thumba lake munali kansalu kopinda basi.

"Mwana ali kuti?" ndinafunsa, ngakhale ndinali nditadziwa.

"Tinamuika m'manda kuseri kwa tchalitchiku. Ingolembani, Sisita. Mipata ina yonse ndi yodzaza, sindinajombepo. Koma akuchimuna akuti ndinachita ulesi."

Mzere wonse unali maso pa cholembera changa. Sindikanatha kulemba kuti ndinabaya mwana amene sindinam'baye. Ndinalemba deti la Lachitatu lija, ndi mawu awa: "Mayi anafika. Katemera panalibe." Ndinasaina dzina langa lonse.

"Werengani mokweza," anatero. "Apongozi anga ali apo, samva bwino."

Ndinawerenga kawiri. Apongoziwo anangoyang'ana kumtsinje.

Hedwig sanachoke. Anaima kumbuyo kwanga mpaka dzuwa kupendeka, akugwira timiyendo ta ana a anzake pamene ndinkabaya. Ndinasamuka ku Sepik chaka chatha, koma mpaka lero ndikamakweza jakisoni ndimamva mpweya wake paphewa panga.