Galimoto ya Bambo Ake a Rehab

Anthu a pakampani yogulitsa magalimoto ija, ya mumsewu wochoka ku Tanta kupita ku Mahalla, ali ndi liwu limodzi m'kamwa mwawo, ndipo liwu lake ndi "mawa". Amakukhazika pampando wawofuwofu, amakupatsa tiyi m'katambula, amakuyatsira makina oziziritsa mpaka mawondo kuwawa, kenako amakuuza kuti mawa. Munthu utha kumera imvi pampando umenewo.

Nagat anawamva mawa amenewo kuyambira Ramadani isanathe. Tsopano linali Lachitatu, ndipo Lachinayi mwana wake Rehab amakwatiwa.

Galimotoyo inali ya mwamuna wake, malemu Saber. Bambo uja anagwira ntchito pafakitale ya nsalu moyo wake wonse, akupanikizana ndi anthu m'minibasi. Atapuma ntchito anagula galimoto yoyera, yatsopano, yoyamba komanso yomaliza. Tsiku limene akuchimuna anabwera kudzafunsira Rehab, Saber anayankhula pamaso pa onse kuti, "Mwana wanga sadzatuluka m'nyumba muno pa galimoto yobwereka. Adzatuluka pa ya bambo ake." Onse anamva. Chaka chisanathe mtima wake unaima.

Nagat anakhala m'nyumba miyezi yonse ya eda, monga mkazi wamasiye amayenera, galimoto itafunda lona pansi pa zenera. Atatuluka, mlongo wake Ragab anailiza. Inalira bwino, koma posintha giya inkadumpha ngati bulu wolumidwa ndi mavu. Saber ankanena kawirikawiri kuti galimoto ya galanti siipita kwa makaniko a m'mbali mwa msewu. Ndiye Nagat anaipititsa kumene Saber anaigula. Cholakwa chawo chinali chomwecho basi, kumvera.

M'mawa wa Lachitatulo, Nagat asanavale n'komwe nsapato, foni inalira. Anali Haja Fawzia, amayi ake a mkwati.

"Asewele, mwadzuka bwanji? Nanga galimoto ija yatuluka?"

"Ituluka lero."

"Mulungu akalola. Komatu musadzivutitse. Mwana wa mchemwali wanga ali nayo yakuda, yaikulu. Ndani sadziwa kuti kwanuko kulibenso mwamuna? Mwana wamasiye timamunyamula ndi ife tomwe."

Anayankhula mokoma, ngati akuthira uchi pabala. Koma Nagat anamudziwa mayi ameneyu. Rehab akangokwera yakudayo, adzalowa m'banja limenelo ngati wotoledwa, ndipo adzaimva nkhaniyo pa Idi iliyonse, pa mkangano uliwonse wa kukhitchini, mpaka ana ake adzaimva. Bambo ako analonjeza, koma tinakutenga ndife.

"Ituluka lero," anabwereza, n'kudula.

Mtima unali m'mwamba njira yonse. Atafika anapeza mipando yadzaza kale. Kuseri kwa tebulo lonyezimira kunakhala Haitham, wa tayi yofiira, amene aliyense ankamutcha injiniya ngakhale kuti zikhadabo zake zinali zisanakhudzepo girisi.

"Amayi a mkwatibwi! Takulandirani. Tiyi kapena khofi?"

"Galimoto."

Haitham anagogoda kompyuta yake kwa nthawi yaitali, nkhope itachita khwinya ngati dotolo.

"Kachipangizo kolamulira magiya kaja kali padoko ku Alexandria. A kasitomu ndi amene akuchedwetsa."

"Sabata yatha munati kafika ku Cairo. Kakuyenda chafutambuyo?"

Bambo wina wonenepa amene anakhala pafupi anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. "Mayi, musadzipweteke mutu. Ine pobweretsa pikapu yanga kuno ndevuzi zinali zakuda."

"Amalume amakonda nthabwala," anatero Haitham, osaseka. Kenako anatsitsa mawu. "Mayi, tisaiwale kuti galimoto yanu inadumphitsa nthawi ya sevisi. Tikanafuna, galanti tikanaipha. Bwana anangokumverani chisoni."

"Ndinali pa eda! Mumafuna ndimusiye mwamuna wanga m'manda, ndithamangire kuno kudzasintha oilo?"

"Mulungu awachitire chifundo malemu. Koma kompyuta siidziwa eda."

"Nanga ukwati imaudziwa? Ndi mawa, mwana wanga iwe. Mawa lenileni, osati mawa lanu lija."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi."

"Sindinabwere kudzaona nkhono. Ndionetse galimoto."

"Makasitomala saloledwa kulowa m'galaja. Ndi lamulo."

Nagat anakhala pansi. Chiibweretsere, sanaione ndi maso ake galimotoyo. Ankangouzidwa. Bwanji ngati anaigunditsa? Bwanji ngati wina akuyendera, kunyamulira ana ake kusukulu? Rehab anaimba kawiri kuchokera kwa osoka diresi. Nagat sanayankhe. Akanamuuza chiyani?

Adhana yoitanira anthu ku mapemphero a masana italira, Haitham anavula wotchi n'kupita kukatawasa kuti akapemphere. Mlonda wa pakhomo la galaja nayenso anatenga mkeka wake. Nagat anaimirira. Bambo wa pikapu uja anamuyang'ana, n'kutembenuzira nkhope kukhoma ngati sakuona kanthu.

M'galajamo munali motentha, monunkha oilo. Anadutsa magalimoto onyezimira okwezedwa m'mwamba, osaiona yake. Anaipeza kumapeto kwenikweni, pakona, pafupi ndi mulu wa matayala akutha. Fumbi linali litaikuta moti kuyera kwake sikunkaoneka. Wina anali atalemba ndi chala pagalasi kuti "ndisambitseni". Boneti inali yasa. Pambali pa injini panali malo opanda kanthu, mawaya ali lendelende. Nyali ya kumanzere kunalibe. Panangotsala dzenje, ngati diso lokolowoledwa.

Nagat anayang'ana uku ndi uku.

Makaniko wina wachikulire anakhala pa tayala akudya buledi wa nyemba. Anamuyang'ana osadzidzimuka.

"Ndi yanu, mayi?"

"Nyali ili kuti? Inabwera ndi nyali zonse ziwiri!"

"Anaibwereka. Kunabwera dokotala wina, yake itaphwanyika, ali pachangu."

"Nanga kachipangizo ka magiya? Akuti kali padoko."

Makanikoyo anatafuna kaye, n'kumeza. "Kanafika kalekale. Ndinakamanga ndi manja angawa, galimoto n'kuyenda bwinobwino. Tsiku lomwelo kunabwera bwana wina wamkulu, ya mtundu womwewu, vuto lomweli, akufuna kupita ndi banja kunyanja ku Matruh. Anandiuza kuti masula, ndinamasula." Anapukuta pakamwa ndi mkono. "Muno timatero, mayi. Yokhalitsa imadyetsa yapachangu. Amaona kaye kuti mwini wake ndani. Galimoto yopanda mwamuna woikalipira imasanduka sitolo."

Mfuu umene Nagat anakuwa unawadukiza anthu mapemphero. Haitham anabwera akuthamanga, masokosi okha kumapazi. Pambuyo pake panabwera manijala, bambo wa mafuta onunkhira, akumanga mabatani a jekete.

"Mayi, mayi, tiyeni mu ofesi, tikambirane ngati anthu."

"Tikambirana pompano, galimoto ikumva! Mwadya mwana wamasiye, anthu osaopa Mulungu inu! Mumachokera pamkeka wa pemphero kudzakolowola maso galimoto ya munthu wakufa?"

"Palibe chabedwa. Ndi dongosolo chabe la mkati. China chikubwera."

"Liti?"

Manijala anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Ngakhale iye anachita manyazi kulitchula liwu lija.

"Muimbireni bwana wanuyo abweze."

"Ali ku Matruh, mayi. Komanso si munthu woimbiridwa." Anasisita manja. "Tichite chonchi. Tikubwerekani yathu ya kampani, mwaulere, pa ukwati wonse."

Analoza kagalimoto kotuwa, kolembedwa dzina la kampani m'zitseko zonse ndi nambala za foni.

"Mwana wanga akakwatiwe atavala chikwangwani chanu? Ndipatseni yanga."

"Siingayende."

"Sindinafunse ngati iyenda."

Manijala anasiya kumwetulira. "Mvetsani bwino. Ikatuluka pageti ntchito isanathe, galanti yafa. Musadzabwerenso kuno kudzalira. Ndipo kachipangizo kameneko kunja simungakakwanitse."

Zinali zoona, Nagat sakanakakwanitsa. Akaisiya, mwina tsiku lina idzatuluka ikuyenda, ngati sadzaimaliza kuidya. Akaitenga, mwina idzaolera pansi pa zenera, ana akuseweramo. Chinthu chimodzi chokha chimene Saber anagula chatsopano. Anaimbira Ragab.

"Wapenga, mlongo?" anakuwa Ragab. "Isiye! Tikwere yakuda ija, tsiku limodzi lokha. Anthu amaiwala."

"Fawzia amaiwala?"

Nagat anadula foni.

Anasaina pepala lotulutsira galimoto pamene manijala anamulozera. Kunja kwa geti kunali malole a bulekidauni, onyamula magalimoto owonongeka, amene amadikirira pamenepo tsiku lililonse ngati miimba, podziwa zimene zimachitika mkatimo. Anasankha ya bambo wina wa ndevu zazikulu za pamlomo, dzina lake Gaber.

"Tikaitula kwa makaniko uti, mayi?"

"Siitsika. Igona pa lole pomwepo. Mawa madzulo inyamula mkwatibwi."

Gaber anavula chipewa, n'kukanda mutu. "Ndanyamulapo zogundana, zopsa, ina yovuulidwa mumtsinje. Koma mkwatibwi? Akagwa, ine ndilibemo."

"Ukamugwetsa ndidzakunyamula ndine."

Nagat anamuuza Rehab za loleyo madzulo omwewo, akazi akumupaka hina m'manja. Mtsikanayo anaimirira. Anapita pazenera, n'kuyang'ana pansi nthawi yaitali, manja ali m'mwamba kuti hina asafufutike. Kenako anabwerera pampando wake. Nagat sanadziwe ngati wavomera kapena akumeza misozi, ndipo anaopa kufunsa.

Lachinayi Nagat anakwera yekha pa lole ndi ndowa. Anaitsuka mpaka inayera mbee. Ragab, akung'ung'udza, anatseka boneti n'kumanga maliboni. Padzenje la nyali anatsekapo ndi maluwa ambiri, koma dzenje ndi dzenje, woyang'anitsitsa ankaliona. Dzuwa litapendeka, makonde onse a mumsewuwo anali atadzaza mitu. Ena ankaseka poyera. Ena ankajambula ndi mafoni.

Kenako akuchimuna anafika, ng'oma patsogolo, galimoto yakuda ija pambuyo, yonyezimira ngati nsapato ya msilikali. Haja Fawzia anatsika, golide ali ngwengwengwe m'mikono. Anayang'ana lole. Anayang'ana unyolo womanga matayala. Oimba ng'oma anasiya mmodzimmodzi.

"Asewele, ichi n'chiyani?"

"Galimoto ya bambo ake a Rehab."

"Mwana wanga akwere pamenepo ngati nkhosa ya Idi? Mukufuna Tanta yense atiseke?"

"Mwamuna wanga analonjeza inu mukumva."

"Analonjeza galimoto yoyenda!"

Pamenepo Rehab anatulukira pamasitepe atagwira mkono wa mkwati wake, Moataz. Akazi anayamba nthungululu, koma zinafera m'kamwa. Mtsikanayo anaima pakhomo. Kumanja kunali yakuda, chitseko chili chotsegula, mkati mukutuluka kamphepo kozizira. Kumanzere kunali lole ya Gaber, yodontha oilo. Nagat anaganiza kuti wamuchititsa manyazi mwana wake pa tsiku lake lomwe, chifukwa cha liuma la nkhalamba. Anafuna kunena kuti kwera yakudayo, mwana wanga, palibe kanthu.

Asanayankhule, Rehab anatembenukira kwa Gaber. "Amalume, ndikwera bwanji ndi diresi ili?"

Gaber anathamangira pa chitsulo chake chopendeketsera lole. Thebulo la lole linalira, n'kupendekeka pang'onopang'ono mpaka kumbuyo kwake kunagunda pansi. Rehab anavula nsapato zazitali n'kupatsa amayi ake.

"Moataz, gwira diresi kumbuyoku, isakhudze girisi."

Mnyamatayo anayang'ana amayi ake. Haja Fawzia anamutong'olera maso. Msewu wonse unali zii. Nagat anaona thukuta likutsika pakhosi pa mkamwini wakeyo, ndipo anadziwa kuti akapanda kukwera, ukwatiwo wathera pomwepo, pamaso pa anthu.

"Moataz," anatero Rehab, motsitsa. "Ndikukwera. Ubwera?"

Mnyamatayo anawerama, n'kunyamula mchira wa diresi.

Anakwera chokwawa, akuterereka. Rehab anakhala kutsogolo. Moataz anakhala pa chiwongolero chimene sichikanawongolera kanthu. Thebulo litabwerera m'malo, anadina hutala mosadziwa chochita, ndipo inalira. Chimenecho chokha akuba aja anachisiya. Mayi wina pakhonde la pamwamba anaimba nthungululu, wina anamulandira, ng'oma zinayambanso.

Nagat sanaimbe nawo. Maso ake anali pa unyolo, ndi pa mawaya a magetsi olendewera pakona. Anazungulira kuti akakhale kutsogolo ndi Gaber, nsapato za mwana wake zili m'manja.

Haja Fawzia anali ataima pa chitseko cha yakuda ija, milomo itauma.

"Asewele," anatero, "malo alipo muno."

"Kwerani nokha," anayankha Nagat. "Muzitsatira pambuyo."

Anakwera, n'kumenyetsa chitseko cha lole.

"Pang'onopang'ono m'mabampu, Gaber. Ndati pang'onopang'ono!"