Tsiku Limene Tumini Anadzitama

Pa fakitale yosoka malaya mumzinda wa Semarang, waganyu aliyense ankadzipatsa yekha malikisi, kapitawo n'kuperekanso ake. Akachepa, ntchito yatha, basi. Tumini anakula akumva kuti kudzitama ndi mwano, ndiye anadzilembera awiri pa asanu.

Kapitawo wake, mayi amene ankatchedwa Bu Endang, anabwera maso ali psuu.

"Iwe Tumini! Ine ndakupatsa asanu. Ukundiyesa wabodza?"

"Ayi, Bu, koma kudziyamikira ndekha..."

"Ana ako adzadya manyazi akowo? Imirira, unene mokweza kuti makolala umasoka bwino!"

Tumini ananong'ona, nkhope ili pansi.

"Sitinamve, Mbak, achemwali athu!" anatero anzake, akumenya matebulo.

Apo Tumini anakuwa mpaka mlonda anasuzumira pakhomo. Akuseka mpaka misozi, Tumini anafufuta awiri aja n'kulemba anayi.

"Makani ngati mbuzi," anatero Bu Endang. "Koma akwana. Ntchito ndi yako."