Nyama ya mu Mtondo

Levison Mhone atabwerera ku Bandawe kuchokera ku Halale, anapeza mudzi wonse ukumutcha kalaliki. Bambo ake, a Jobe, ndiwo anafalitsa zimenezi zaka zonse zimene iye anali kutali. Mwana wa mkulu wa mpingo, wophunzira pa mishoni, angapite bwanji konseko kukasenda anyezi? Komatu Levison anali khukhi wa pahotela, ndipo ntchito yakeyo ankainyadira kwambiri. Anangotseka pakamwa poopa kuwavula bambo ake pagulu.

Tsono a Jobe anali atadwala. Mano anatha kalekale, kondowole ankawalemera m'mimba, phala ankalikankhira kutali. Rhoda, mlongo wa Levison, anayesa zonse mpaka kulira. Mkuluyo ankangofota anthu akuona.

Tsiku lina kwa oyandikana nawo anapha ng'ombe ya ukwati nawatumizira nthuli. A Jobe anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Ine ndi nyama tinatsanzikana," anatero.

Mawuwo anamulasa Levison. Anakumbukira chakudya chimene azungu a kuhotela ankaitanitsa akapukwa kwawo: nyama yopera pansi, mbatata yakachewere pamwamba, batala wosayeza, kenaka mu uvuni mpaka wodya atatopa kudikira. Pano panalibe makina opera nyama, panalibe uvuni, ndipo batalayo akanangomutsiriza wodwala. Anavula jekete, nachotsa mafuta onse panthuli ija, naiduladula. Kenaka anakoka mtondo wa Rhoda.

"Achimwene, anthu akuona," Rhoda ananong'ona.

"Aone. Iwe tereka chinangwa, chosawawa chija."

Taganizani, mwamuna wa tayi m'khosi atagwira munsi dzuwa likuswa mtengo. Amayi ochokera kumadzi anaima ndi mitsuko pamutu, kuseka mpaka madzi kuwatayikira m'mapewa. Levison ankadziwa bwino kuti akusinjira pamodzi nyama ndi ukalaliki uja, koma munsi sanauike pansi.

Nyama itasalala anaiphika mwachangu ndi anyezi, matimati ndi timadzi. Chinangwa anachipota ndi msuzi womwewo mpaka chinafewa ngati phala la mwana, nachiyala pamwamba pa nyama. Anavundikira mphika nathira makala pachivundikiro. Amayi aja asanabalalike n'komwe, pamwamba panali patafiira.

A Jobe anaona zonsezi ali pamphasa pakhonde, nkhope ili gwa. Levison anagwada ndi mbale.

"Ada, talawani."

Analawa ndi nsonga ya supuni ngati akumwa kwinini. Kenaka anatapanso, ulendo uno yodzaza. Rhoda anathawira kuseri kwa nyumba kukapukuta misozi, ndipo pobwerako anapeza mbale itayera.

Pomwepo anatulukira a Fletcher Chirwa, mkulu wa mpingo mnzawo wa a Jobe. Mbiri ya mtondo inali itawapeza panjira, ndipo nkhani yotere sakanailola kuti izizire.

"Kodi a Jobe, makalaliki a ku Halale masiku ano akusinja?"

A Jobe ananyambita supuni osafulumira.

"Kalaliki wake uti? Mwana wangayu ndi khukhi, wa pahotela yaikulu. Kalaliki akanandimwetsa inki."

Anakankhira mbale kwa Levison, amene anali chigwadire, chifuwa chitadzaza ndi chimwemwe.

"Ngati yatsalamo mumphika, bweretsa. Awa usawapatse, ali ndi mano."