Mwana Wotchedwa Nkhalamba

Taonga ankagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba ku Tottenham, ndipo mwa onse amene ankawasambitsa, Bambo Alter ndiwo anali okonda macheza. Anali Myuda. Mutu unali utayamba kuwasokonekera moti za dzulo sankazidziwa, koma zakale ankazikumbukira bwinobwino. Tsiku lina ataona kuti Taonga ndi woyembekezera, anamufunsa ngati anali mwana woyamba.

"Wachitatu," anatero Taonga. "Awiri aja sanalire n'komwe."

Bambowo anamufotokozera za dzina lawo. Anati m'Chiyidishi, chilankhulo cha makolo awo, Alter ndiye kuti nkhalamba. Mayi awo anali atataya ana angapo, choncho iwo atabadwa anawatcha dzinali kuti mngelo wa imfa akabwera kudzafuna khanda, amve kuti m'nyumbamo muli nkhalamba, apitirire.

"Ndipo anapitiriradi," anaseka. "Mpaka lero akundifunafuna."

Taonga maina otere ankawadziwa, poti kwawo ku Kasungu anaphunzirapo ndi mnyamata wotchedwa Maliro. Nkhaniyo anaisunga mumtima.

Mwana anabadwa masiku asanakwane kuchipatala ku Edmonton, kamnyamata kokwana m'manja awiri. Mwamuna wake Lyson anali kuntchito, akuyendetsa basi. Namwino atafunsa dzina, Taonga anati Alter.

Beatrice, mlongo wake wa Lyson, anabwera kuchokera ku Barking kudzaona khandalo. Atamva dzinalo anatsonya.

"Alamu, mwana wa achimwene anga mwamutcha dzina la nkhalamba imene mumaipukuta kumbuyo? Ku church tikanena kuti chiyani?"

Lyson anangoweramira foni yake.

Mwanayo sanatuluke m'chipatala. Pamaliro, anthu atadzaza m'fulati, Beatrice analankhulira kukhitchini mokweza kuti wofedwayo amve.

"Ukamutcha mwana nkhalamba umayembekezera chiyani? Wakalamba, wapita. Atatu tsopano. Mimba imeneyo ndi manda."

Palibe anamudzudzula. Alendo atabalalika, Lyson anati akukapumako kwa mlongo wake, ndipo sanabwerenso.

Taonga atabwerera kuntchito anapeza Bambo Alter ataiwala zonse. Mmawa uliwonse ankamufotokozeranso nkhani ya dzina lija, n'kumaseka pamalo pomwe paja. Akamaliza ankafunsa za mwana wawo Mendel, amene anamwalira zaka zambiri zapitazo. Antchito onse anauzidwa kuti aziyankha kuti akubwera madzulo.

Mmawa wina Taonga akuwamanga mabatani a malaya, funsolo linabweranso.

"Mendel anamwalira kalekale," anatero. "Munamuika ndinu nomwe."

Bambowo anamuyang'anitsitsa, kenako analira ngati uthengawo wangofika kumene. Ankaitana mwana wawo m'chilankhulo chimene Taonga sankachimva. Iye anangoima, thaulo lili paphewa, ndipo anamva mtima ukupepuka koyamba chichokereni kumanda.

Mawa lake anali ataiwala. Anafunsanso, Taonga anawauzanso. Zinapitirira choncho, mpaka bambowo anayamba kusiya chakudya m'mbale.

Amene anazimva anali Mwila, mnzake wa ku Lusaka, atalowa ndi zofunda chitseko chili chotsegula. Anamukokera m'khonde.

"Iwe Taonga, uchita chani? Munthu uyu sanakulakwile."

"Mawa akhala ataiwala," anatero Taonga. "Ine ndiye ndiiwale liti?"

"Nizakamba kuli manager. Sorry, munzanga, koma nizakamba."

Ananenadi. Taonga anachotsedwa ntchito sabata yomweyo, ndipo anatuluka osatsanzika aliyense, nsapato zantchito zili m'pulasitiki.

Bambo Alter anayambanso kuyankhidwa kuti Mendel akubwera madzulo. Ankagwedeza mutu, kuvomera. Koma mmawa chitseko chikatseguka ankayamba kulira, ndipo Mwila akawafunsa chimene chavuta, ankati sakudziwa.