Ulusi Wofiira Pansi pa Kolala

Mdzukulu wanga atapeza malo aulere kusukulu ya ana a anthu olemera, ine sindinasangalale ayi. Ndinamukhazika pansi. Usamaseke kwambiri. Usabwereke cholembera cha munthu. Ukaona chinthu chagwa, uchilambalale.

Chinkasowa ndi jekete la yunifolomu. Ine ndimachapa zovala m'nyumba za mipanda, ndipo tsiku lina ndinaliona pamwamba pa bini ya nyumba yoyandikana ndi kumene ndimachapa, litapsa ndi ayironi pamkono. Ndinalichapa kawiri, n'kulisoka chigamba cham'kati. Pansi pa kolala panali tiulusi tofiira tokhotakhota. Ndinayesa ndi maluwa. Sukulu sindinaipondeko ine, ndikanadziwa bwanji kuti ndi dzina la munthu? Mwanayo naye sanaitembenuzepo kolalayo.

Sabata yachitatu anandiitana kwa aphunzitsi aakulu. Ana anavula majekete popita kumasewero, ndiye mtsikana wina anaona dzina lake pa la mdzukulu wanga. Akuti ndi wakuba. Wakuba pasukulupo amachotsedwa tsiku lomwelo.

Mu ofesimo munali kapeti. Ndinavula nsapato pakhomo, kenako ndinaona kuti ena onse avala zawo. Mdzukulu wanga anaima pafupi ndi khoma, milomo ili gwa. Mwini dzina anakhala pampando, zikhadabo zazitali zopaka utoto, akuseweretsa foni. Jekete linali patebulo, ndipo pambali pake panali pepala lomuchotsera sukulu, lolembedwa kale. 

"Agogo, jekete ili munalipeza kuti?" anafunsa aphunzitsi aakulu.

Mdzukulu wanga anandiyang'ana, maso akundiletsa. Ndinadziwa chimene ankaopa. Ndikati m'bini, sukulu yonse imva. Ndikakhala chete, pepala lija lisainidwa. Komanso angandikhulupirire ndani, wochapa ngati ine?

"Bambo, ndinalisoka ndine," ndinatero. "Onani chigamba ichi. Linali lakupsa."

Ndinatembenuza mkono wa jeketelo. Mtsikana uja anasuzumira, kenako anaseka mpaka foni inagwera pamiyendo.

"Aa, ndi lija anawotcha wantchito wathu lija? Si ndinaliponya m'bini ndekha limenelo. Iwe, masiku onsewa umavala za m'bini mwathu?"

"Munaliponya nokha?" anafunsa aphunzitsi aakulu.

"Ee, mayi anandigulira lina. Nanga ine ndingavale chigamba?"

Aphunzitsi aakulu anatenga pepala lija, n'kuliika m'dilowa.

"Ndiye palibe chabedwa apa. Nonse awiri, kukalasi."

Mtsikanayo anatuluka zala zili kale pafoni, akulemba. Ndinaona pawindo anzake atatu akumudikira pakhonde, mitu itagundana.

Panja ndinamugwira mkono mdzukulu wanga. "Usawayankhe, wamva? Akakuseka, yang'ana pansi. Usayende wekha kuchimbudzi. Akakupatsa chakudya usalandire."

"Agogo, mwaiwala nsapato."

Ndinabwerera kukazitenga. Potuluka ndinamuona ali kale pakati pa bwalo. Jekete analivala, mabatani onse atamanga, akulunjika pakhonde pomwe panali atsikana aja. Sanayang'ane pansi. Ndinafuna kumuitana, koma mlonda anali atatsegula kale geti, akundidikira kuti ndituluke.