Kampango Anakweza Dzanja

Dzulo masana ndinasinza pa benchi yanga yogulitsira nsomba, ndipo zomwe ndinalota zikundipsetsabe mtima.

Ndinalota atazika zimitengo zachitsulo pakati pa nyanja, mapiko ake akuzungulira, ati mphepo izipanga magetsi. Madzi ankanjenjemera mpaka mano anga kuchita dzanzi. Kenako ndinapezeka pa msonkhano wokambirana zimenezi, madzi akulekeza m'chiuno. Pambali panga panali kampango wamkulu, atakweza chipsepse.

"Mayi, ana anga athawa phokosoli," anandinong'oneza. "Ndiyankhule liti?"

"Dikirani bambo, mwambo uyambe."

Koma mwambo wake! Litatha pemphero, wapampando anayamba kutchula alendo mmodzimmodzi, aliyense tikumuwombera m'manja katatu. Wina anaimirira kuthokoza amene anathokoza. Apo n'kuti mazira a nsomba akuyandama, akumata pachitenje changa, ozizira ngati matalala.

Ndinakuwa, "Kuli dzanja kuno!"

Wapampando anayang'ana wotchi. "Nthawi yatha, mayi. Nsomba zilembe kalata."

Ndinadzidzimuka Nabanda, mnzanga wa benchi yoyandikana, akundigwedeza. "Asisi, kasitomala!"

Munthuyo ankaloza kampango wowamba, kukamwa kuli yasa. Ndinakana kumugulitsa. Kampango ameneyo sanayankhulebe.