Babu la Pansi pa Mphika

Namwino wa pachipatala chathu chaching'ono anachita kundiloza ndi chala. Anati mwana wakhala mopingasa m'mimba mwa Eneless, mkazi wanga, ndipo matenda akangoyamba tithamangire kuchipatala chachikulu ku Chama. N'chifukwa chake galimoto yanga ndinaiimika pansi pa mtengo wa mango kwa apongozi anga ku Tembwe, kumene Eneless ankadikirira nthawi yake. Mafuta anali odzaza, ndipo sindinkalola munthu kuisuntha.

Koma batire linayamba kundichita chipongwe. Ndikalitenga pa njinga kukalitchajitsa, galimoto inkalira bwinobwino. Pakapita masiku ochepa, zii. Ndinatukwana wogulitsa batire, ndinatukwana a ku Japani amene anapanga galimotoyo, ngakhale mbuzi zogona kunsi kwake ndinazikayikira.

M'mawa wina Eneless anatulukira pakhomo atagwira chiuno.

"Ba Hosea, vayamba. Lizani motoka manje."

Ndinapotokola kiyi. Kunangomveka kuti tcha, basi. Galimoto yake ndi ya otomatiki, moti ngakhale mudzi wonse ukankhe siingalire. Kumapiri mvula inali itachita mdima, ndipo ikagwa kumeneko mitsinje ya m'njira imadzaza osapereka moni. Ndinachita mantha, mantha enieni.

Ndinatsegula boneti, n'kumasula waya wakuda pamutu wa batire. Nditamugunditsanso, kamoto kanathetheka pang'ono. Kiyi ali m'thumba, nyali zonse zozima, wailesi yozima, nanga moto ukupita kuti? Ndiye kuti china chake chinali kuyamwa batire galimoto ili chiimire. Ndinazula mafyuzi mmodzimmodzi. Kamoto kaja kanali pomwepo. Ndinabwezera waya uja pabatire.

Eneless anabuula m'nyumba. Ndinagona chagada m'fumbi n'kulowa kunsi kwa galimoto. Pa sitata, pamene pamafikira waya wamkulu wochokera ku batire, panali patamangidwa kawaya kena kachilendo, ndi kanzake kopita pachitsulo. Tonse tiwiri tinalowa mumchenga. Ndinatikoka, mchenga n'kumang'ambika kudutsa pabwalo mpaka pankhokwe ya apongozi. Pamenepo, pamtanda, panali mphika wovundikira. Nditauvundukula ndinapeza babu likuyaka dzuwa likuswa mtengo.

Ndinapsa mtima. Koma mwini nkhokwe anali ataima poteropo, mayi wa mkazi wanga, ndipo kwathu kuno mkamwini sayang'ana apongozi m'maso. Chikwatire sitinapatsanepo kanthu pamanja. Tikakumana m'njira, wina amapatukira kutchire. Choncho ndinagwada, n'kuyang'ana nkhokwe, n'kumayankhula ngati ndikuuza chimanga.

"Kaya ni ndani anamanga nyale iyi ku motoka."

Nawonso anayankha atayang'ana kumbali. "Ninauza Jeff, mlamu wanu, akalibe kuyenda ku Lundazi. Njovu zinasiliza nkhokwe ya ba Irene, aneba athu. Zikaona nyale siziyandikira." Analoza chimanga cha m'nkhokwemo. "Milisi izi nasungira phala la Eneless akabeleka. Koma kukacha nimazimya, nimavundikira na mphika."

Kuvundikira! Iwo ankaona ngati babu ndi koloboyi, kuti ukalivundikira limafa lokha. Ndinafuna kukalipa, ndinafunanso kulira. Ndinangoti, "Silizima, amai. Limadya batire usana na usiku. Manje motoka yafa."

Eneless anakuwanso, ulendo uno mokweza. Apongozi anagwira kawaya kaja n'kukadula ndi dzanja limodzi, babu n'kuthima. Kenako anathamanga. Sindinawaonepo akuthamanga, mayi wamkulu woteroyo, chitenje chikukwapula m'miyendo, kulunjika kusukulu.

Ine ndinachotsa batire lakufalo, n'kunyamula Eneless kumugoneka kumpando wakumbuyo. Mphepo ya mvula inali itayamba kugwetsa masamba a mango. Ndinaima ndi sipanala m'manja, wopanda chomanga, ndikuyang'ana njira.

Apongozi anatulukira atasenza batire la sola la aphunzitsi a Albert pamutu, opanda nkhata, thukuta lili chuchuchu. Mwamwambo akanalitula pansi patali, ine n'kukalitola iwo atachokapo. Sanatero. Anabwera mpaka pamaso panga n'kundipatsa m'manja, zala zathu n'kukhudzana.

"Hosea," anatero, akundiyang'ana m'maso, dzina langa likutuluka m'kamwa mwawo koyamba. "Mangani. Fulumirani."

Ndinamanga. Nditapotokola kiyi, injini inakoka mwaulesi, inakokanso, kenako inalira. Apongozi analowa kumbuyo n'kuika mutu wa Eneless pamiyendo pawo. Madontho oyamba anali akugunda pagalasi.

Tikutuluka pabwalo, Eneless anafunsa ndi mawu otsika, "Amama, nanga nkhokwe?"

"Zidye njovuzo," anatero apongozi, osacheuka n'komwe. "Yendetsani, mwana wanga."